Asupavaiza akuti ndiphike masampulo a nsomba ndi perchloric acid wikendi ino ndili ndekha, fume hood ikukoka mwaulesi. Nditani?

Nachisale_MSc:

Moni akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene munagwirako ntchito mu labu ya chemistry makamaka amene munapangako digestion, kusungunula masampulo mu asidi. Ine ndili chaka chachiwiri cha masters, yunivesite yake sinditchula, dziko ndi laling'ono ili kkk. Project yanga ndi yoyeza lead ndi cadmium mu nsomba zouma za m'misika, usipa, utaka, matemba ndi zina zotero, nde ndisanapite nazo pa AAS, makina oyezera kuchuluka kwa zitsulo mu sampulo, ndimayenera kuzisungunula kaye mu asidi. Method yomwe ndinapatsidwa ndi kapepala ka fotokope komwe anasiya mnyamata wina amene anamaliza kalekale, kanalembedwa kuti thira nitric acid ndi perchloric acid, ika pa hot plate mpaka utsi woyera utuluke ndipo madzi ake ayere mbee. Basi zomwezo, palibe olo mzere umodzi wonena kuti apa samala.

Nkhani yavuta apa. AAS ndinabukitsa Lachiwiri likubwerali ndipo ndikaphonya nde kudikiranso mpaka mwezi wamawa poti makina ndi amodzi ofuna tilipo gulu. Asupavaiza akuti ndilowe Loweruka ndi Lamlungu ndimalize masampulo onse, ndipo ndi ambiri ndithu, ma hot plate awiri odzadza kangapo. Makiyi andipatsa kale. Wikendi kumeneko kulibe munthu, atekinishani sabwera, kumakhala alonda okha ku geti. Chachiwiri fume hood yathu, kabati ija yokoka utsi wa makemiko kuutulutsa panja, ikukoka mwaulesi, sabata yatha mnzanga ankaphika zake za dothi ndi nitric yokha koma fungo linafika mpaka pakhomo, ine ndinachita kutuluka nditayamba kutsokomola. Nditawauza a doc, asupavaiza angawo, anangoti tsegulani mawindo, tonse tinadutsa momwemo. Komanso hood yake ndi yomweyo imene anthu amaumitsiramo ma extract awo a hexane ndi methanol, pansi pake pali kabati yamatabwa yodzadza mabotolo.

Ndawerengako pa intaneti zoti perchloric imaphulika, nde kodi ndi zenizeni kapena ndi zongoopseza zomwe amalemba pa botolo lililonse? Sindikufuna kuoneka wamantha kapena waulesi, munthuyu ndi amene adzasaine thesis yanga. Koma mtima sukundilola. Thandizeni.

MdalaWaLabu:

A Nachisale musalowe wikendi imeneyo. Ndayamba ndi yankho dala kuti mukatopa nane panjira mukhale mutalimva.

Ine ndakalambira pa benchi ngati tekinishani, perchloric ndimaidziwa. Imene imabwera mu botolo ija ya 70% kapena 72% ikakhala yozizira ilibe zambiri, ndi asidi wamphamvu basi monga anzake. Koma ikangotentha kufika cha m'ma 150 digiri kupita m'mwamba imasanduka chinthu china, imawotcha chilichonse chochokera ku chamoyo mwaukali woti nthawi zina sikukhala kuyaka koma kuphulika. Ndipo chomwe sichimvana nayo kwambiri ndi mafuta. Tsono taganizani zomwe mukuphika. Usipa wouma mukaupera nkuuika pa pepala, pakapita kanthawi pepala limayamba kuonekera mbali inayo chifukwa cha mafuta. Mafuta amenewo nitric imachedwa kuwadya, mumawaona akuyandama pamwamba timadontho tachikasu. Nitric imawira cha m'ma 120, perchloric mpaka 200 kupitirira pang'ono, nde imene imayamba kuthawa mu beaker ndi nitric, ikatha mwatsala ndi perchloric yotentha ili maso ndi maso ndi mafuta osapsa aja. Nchifukwa chake odziwa amayamba ndi nitric yokha mpaka zonse zitasungunuka, perchloric imabwera kumapeto ndipo pang'ono pokha, madzi akangoyamba kuda bii mumachotsa pamoto pompo, azizire, muonjezere nitric. Beaker isaume, olo imodzi. Nde munthu mmodzi, ma hot plate awiri odzadza, mwatopa, mwatuluka kukataya madzi kapena foni yalira, ndani akuyang'ana beaker ya pakona ija?

Chachiwiri ndi hood. Utsi woyera womwe kapepala kanu kakunena uja sikuti umangokwera kumwamba nkutha ayi. Umakazizira m'mapaipi nkuuma, kugwirana ndi chitsulo ndi fumbi, nkumaunjikana ngati mwaye kudenga la khitchini ya nkhuni, kusiyana kwake nkwakuti mwaye uwu ukaugogoda kapena kuukhula umaphulika. Wodzavulala nazo mwina si inu ophika, ndi mmisiri amene adzabwere patapita zaka ndi sipanala kudzamasula fani osadziwa kanthu. Hood ya perchloric ndi yakeyake, mkati mwake stainless steel kapena PVC, ili ndi timipopi totsuka paipi yonse kuchokera kudenga mukamaliza ntchito, ndipo simulowa hexane kapena methanol. Yanuyo anzanu amaumitsiramo ma extract, pansi pali matabwa. Thabwa likamwa perchloric nkuuma limatha kuyaka ndi kukhulana chabe.

Kuti mudziwe ngati hood ikukoka simufunika makina. Dulani kachingwe ka tishu, tsitsani galasi lifike cha pa 45 cm, matani tishuyo kumunsi kwa galasi. Ikamakoka bwino tishu imaloza mkati osasintha, yesani pakati ndi m'makona onse awiri. Ikangolendewera kapena kumagwedera uku ndi uku nde muli ndi kabati yokhala ndi getsi basi. Mphepo yake imafunika cha pa theka la mita pa sekondi. Kawirikawiri vuto limakhala lamba wa fani kudenga, walefuka kapena waduka, mota ikulira bwinobwino anthu nkumati ikugwira ntchito poti ikumveka.

Kutsokomola mwanena kuja musakuphweketse. Utsi wofiirira wa nitric ndi nitrogen dioxide, ndipo kuipa kwake sumapweteka kwambiri pomwe mukuupuma. Munthu amatsokomola pang'ono nkupita kunyumba ali bwinobwino, kenako patapita maola angapo, mwina pakati pa usiku, mapapo amayamba kudzadza madzi. Amene wapuma wambiri apite kuchipatala tsiku lomwelo akatchule dzina la utsiwo, asadikire kubanika.

Nde onjezerani za kwathu zino. Magetsi akathima fani imaima nthawi yomweyo koma hot plate imakhalabe yotentha kwa kanthawi ndithu, asidi akupitiriza kufuka, inu muli nokha. Asidi akagwera m'maso pamafunika madzi oyenda mphindi 15 osadukiza, wina akukutsegulani zikope poti nokha simungathe, diso limadzitsekera lokha. Mpope wa mu labu yanuyo Lamlungu umatuluka madzi? Mukakuwa alonda a ku geti adzamva?

Ndipo pa lead ndi cadmium perchloric simukuifuna nkomwe. Nitric ndi hydrogen peroxide ya 30% zimagwira ntchito, kapena kuwotcha mu muffle furnace, ng'anjo ya mu labu, pa 450 digiri mpaka phulusa nkulisungunula mu asidi, method yovomerezeka yotchedwa AOAC 999.11 ndi imeneyo. Bola musapyoze moto poti lead ndi cadmium zimayamba kuthawa. Mercury nde ayi, iyo imathawiratu, koma simukuyeza imeneyo.

Zagwazatha_265:

Aaa madala mukumuopseza mwana wa eni kkkk. Ife tinaphika zomwezi ndi perchloric yomweyo, hood yake yofa kalekale, tinkangotsegula mawindo nkumanga kansalu pamphuno, onse tilipo tikudya nsima. Sis pangani zoti mumalize, degree siidikira munthu ndipo ukayambana ndi supavaiza chaka chimodzi chimasanduka zitatu, tinaziona zimenezo. Za ma hood otsuka okhazo nza mayiko a ndalama, kuno tikati titsate zonsezo labu iliyonse itsekedwa mawa mmawa research nkutheratu. Ingovalani magolovesi awiri, musachulutse moto basi.

Chikondi_kuUK:

@Zagwazatha_265 achimwene zoti munapulumuka ndasangalala nazo, koma amene zinawavuta salemba pano. Ndipo ya ndalamayo mwaigwira potembenuza. Ngozi zomwe zinagwedeza mayunivesite zaka zapitazi zinachitikira komwe kuli ndalama komweko, zida zonse zili pompo, chosowa chinali china.

Sheri Sangji anali ndi zaka 23, anakulira ku Pakistan, atangomaliza digiri yoyamba analembedwa ntchito mu labu ya Prof Patrick Harran ku yunivesite ya UCLA ku America. Pa 29 December 2008, nthawi ya holide kampasi ili zii, ankakoka tert-butyllithium ndi sirinji yapulasitiki ya 60 ml. Mankhwala amenewa akangokumana ndi mpweya amayaka okha osafuna machesi. Chokokera cha sirinji chinasolokeratu, zinamukhuthukira, moto. Sanavale labu koti, anali mu juzi ya ulusi wa pulasitiki yomwe inayakira pathupi pomwepo. Shawa ya ngozi inali pafupi koma sanamupititseko. Anapsa kupitirira 40% ya thupi ndipo anamwalira pa 16 January 2009 atavutika masiku 18. Chomwe chimandipweteka ine nchakuti miyezi iwiri izi zisanachitike oyendera a yunivesite yomweyo anali atalemba kale zolakwika mu labu imeneyo, kuphatikizapo zoti anthu savala makoti, koma sizinakonzedwe. Harran anaimbidwa milandu mu 2011, nkhani inafika pothera mu 2014 ndi mgwirizano woti agwire maola 800 a ntchito zothandiza anthu ndi kupereka $10,000 kuchipatala cha anthu opsa. Ndende sanalowe. Ena amati chilango chinachepa, ine ndili mbali ya amenewo, komabe kuyambira pamenepo ma professor anadziwa kuti mwana akapsa mu labu yako khoti likhoza kukuitana iweyo ndi dzina lako, osati yunivesite yokha.

Koma yofanana kwambiri ndi ya a Nachisale ndi ya Texas Tech, January 2010. Preston Brown, wophunzira wa chaka chachisanu cha postgraduate, ankapanga nickel hydrazine perchlorate, banja lomwelo la zinthu zomwe madala akunena kuti zimauma m'mapaipi. Akuluakulu a labu ankati munthu asapange zopitirira 100 mg koma lamuloli linali la pakamwa, silinalembedwe paliponse. Anyamata anaona kuti kupanga tochepatochepa kukuwachedwetsa nde anapanga pafupifupi magalamu 10 kamodzi, poganiza kuti zikakhala zonyowa siziphulika popeza tochepa tija sitinkaphulika. Anaika theka mu kamtondo ka labu, anathira hexane kuti aphwanye zibuluma, anavula magogozi, nkubwereranso kukatakasa kamodzi komaliza. Zala zitatu zinapita, manja ndi nkhope zinapsa, diso linavulala. Bungwe la boma la America lofufuza ngozi za makemiko, CSB, litatulutsa lipoti mu 2011 silinangoloza chala mnyamatayo. Linati njira yogwirira ntchito sinalembedwe, maphunziro a zophulika sanapatsidwe, ndipo tingozi ting'onoting'ono tinali titachitikapo kale m'malabu omwewo koma palibe anatolapo kanthu.

Za kugwira wekha usiku nde pali Michele Dufault ku Yale, April 2011, kutatsala masabata ochepa kuti amalize digiri. Tsitsi linakodwa mu lathe, makina ozungulira osemera zitsulo, ali yekha mu workshop, anzake anamupeza atatisiya kale. Panalibe woti adine switch.

Nde taonani chomwe chikubwerezabwereza. Method ikuyenda pakamwa kapena pa fotokope kuchoka kwa wophunzira uyu kupita kwa uyo, machenjezo akuthothoka panjira mpaka kutsala thira ichi thira icho, ndipo wogwira ntchitoyo ndi mwana amene sangawauze abwana kuti ayi poti siginecha ili mmanja mwawo. Ku fakitale yabwino woona za chitetezo sayankha kwa kapitawo, akhoza kuimitsa makina kapitawo akufuna asafune. Mu yunivesite professor ndi mfumu mu labu yake, tekinishani olo adziwe bwanji amangoyang'ana.

Kuno ku UK komwe ndili ine sungagwire botolo usanalembe fomu ya COSHH, younika kuopsa kwa makemiko, ndi lamulo la dziko. Ukugwiritsa chani, chochuluka bwanji, chingalakwike nchani, chikalakwika utani, kenako supavaiza asaine. Pena zimatopetsa ndipo ena amangokopera za anzawo, sindinama. Koma mtengo wake ndi pepala limodzi ndi bolopeni, sizifuna ma dollar. Chimodzimodzi lamulo loti ntchito ya asidi wotentha sugwira uli wekha, kapena kuchotsa katundu pafupi ndi shawa. Zimenezi labu ya ku Zomba kapena ku Mzuzu ikhoza kuchita mawa lomwe popanda kutsekedwa.

Anaphiri_MedLab:

Ine ndili mbali ya medical lab osati chemistry koma za magolovesi awirizo ndiyankheko. Golovesi iliyonse ili ndi zomwe imatchinga ndi zomwe imalowetsa, kuphatikiza ziwiri zolakwika sikuthandiza. Karen Wetterhahn anali professor ku Dartmouth College, katswiri weniweni wa poizoni wa zitsulo, osati wophunzira. Mu August 1996 timadontho ta dimethylmercury tinagwera pa golovesi yake ya latex, anamaliza ntchito nkuvula, zonse motsatira zomwe zinkadziwika nthawi imeneyo. Patapita miyezi pafupifupi isanu anayamba kudzandira ndi kulankhula mokokera, June 1997 anamwalira ali ndi zaka 48. Atayeza pambuyo pake anapeza kuti mankhwalawo amadutsa latex m'masekondi osapitirira 15 osasiya kachibowo kalikonse.

Nitric yanu ya 68% kapena 70% imadya timagolovesi tabuluu ta nitrile topyapyala tija, mukaona chala chasanduka chachikasu nde inalowa kale. Pothira kuchokera mu botolo lalikulu pamafunika zokhuthala za neoprene zofika kumkono, epuloni, ndi magogozi otseka mbali zonse, magalasi owerengera musawawerengere. Tsegulani SDS, pepala la zachitetezo cha mankhwala, ya botolo lililonse, ngati nthawi yachepa onani gawo 4 la chithandizo choyamba, 7 la kasungidwe, 8 la zovala ndi 10 la zinthu zomwe siziyenera kukumana.

Chinanso chomwe palibe watchula, anthu oyeretsa. Timakamba za ophunzira ndi atekinishani koma amene amalowa m'mamawa kudzakolopa ndi kunyamula mabini ndi amayi amene sanauzidwepo kuti mmenemo muli chani, ali ndi magolovesi a kukhitchini kapena manja okha. Tishu yomwe mwapukutira perchloric mukaiponya mu bini ya mapepala ikauma ikhoza kuyaka. Zotsala za nitric mukazithira mu botolo la waste momwe wina anathiramo acetone kapena ethanol nkutseka mothinitsa, mpweya umadzadzana mkati botolo nkuphulika patapita mphindi kapena maola, ndipo limaphulikira amene ali pafupi nthawi imeneyo osati amene anathira. Mbali yathu ino nkhani yake ndi singano zoponyedwa mu bini wamba, mayi akabayidwa amangoyamwa chala nkukhala chete poopa kutha ntchito, pomwe PEP, mankhwala oteteza ku HIV munthu akabayidwa, imafunika kuyamba msangamsanga, maola 72 asanadutse. Lembani pa botolo lililonse chomwe chilimo, tsiku ndi dzina lanu, ndipo la asidi likhale lakelake.

Nachisale_MSc:

Zikomo kwambiri nonse, madala mwandimasula. Tishu ndayesa masana ano, pakati ikuloza mkati pang'ono, kumanzere yangoti lende. Atekinishani athu atandiona ndikumata anaseka nkundiuza kuti anakanena kale ku dipatimenti, akudikira ndalama za maintenance. Awonso akuti perchloric saifuna koma alibe mphamvu zoletsa ma doc. Shawa ya ngozi ilipo koma pansi pake anaunjikapo makatoni a mabotolo akale, munthu utapsa uyambe kaye kusamutsa katundu.

Tsono funso langa lenileni, ndiwauze bwanji a doc osaoneka ngati ndikuwaphunzitsa ntchito? Ndi munthu wabwinobwino koma sakonda kutsutsidwa, komanso method imeneyi ndi yomwe ili m'mapepala awo omwe anasindikiza kale nde kuikana kuli ngati ndikunyoza ntchito yawo. Ndipo tiyerekeze ndavulala, amalipira ndani? Ine sindili pa payroll, ndimangolandira ka upkeep ka project.

Mphunzitsi_Wina:

Ndiyankhe ngati mmodzi wa ma doc amene mukuwanenawo kkk. Musalowe mu ofesi ndi mawu oti method yanu ndi yoopsa, pamenepo aliyense amauma khosi, inenso ndikhoza. Lowani ndi zinthu ziwiri mmanja. Choyamba hood, poti imeneyo si mlandu wawo ndipo aliyense akhoza kudzionera, jambulani kavidiyo ka tishu ija. Chachiwiri njira ina yokhala ndi dzina, AOAC 999.11 ija kapena ya nitric ndi peroxide, ndipo muwauze kuti muitsimikizira ndi ma blank (asidi okha opanda nsomba), spike recovery (kuthira chitsulo chodziwika kuchuluka nkuona ngati chipezekanso) ndi reference material (sampulo yodziwika kale zomwe zilimo) ngati ingapezeke, ya nsomba yodziwika bwino ndi DORM ya National Research Council ya ku Canada. Mukatero nkhani yasanduka ya ubwino wa data, ndipo ma examiner amakonda zimenezo kuposa kapepala ka fotokope kopanda mwini. Supavaiza aliyense amafuna paper, mukamuonetsa kuti paper yake iima bwino amafewa.

Kenako lembani imelo yaifupi yaulemu, muikemo atekinishani aakulu, yonena zomwe mwagwirizana. Ngati akuumirirabe funsani mwaulemu momwemo kuti kodi akuvomereza kuti mugwiritse perchloric yotentha mu hood imeneyo muli nokha Lamlungu. Pakamwa munthu amati tsegulani mawindo, koma kulemba zimenezo dzina lake lili pansi ndi ochepa angayerekeze. Sikuwatchera msampha ayi, nkuwapatsa mpata woganizanso.

Komanso tisawadetse kwambiri. Ambiri a ife tinaphunzira momwemo, palibe anatikhazikapo pansi kutiphunzitsa kuyang'anira moyo wa anthu amene ali pansi pathu, timakwezedwa chifukwa cha mapepala osindikiza, ndipo budget ya project imakhala ndi mzere wa ma reagent, mafuta a galimoto ndi ma allowance koma wa lamba wa fani mulibe. Zimenezo nzofunika kukonza polemba proposal pomwe, ine sindinaonepo donor akukana kugula magogozi kapena kulipira service ya hood munthu atazilemba. Timangoziiwala tokha poti sizitulutsa graph.

Za kulipira. Tili ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997 ndi Workers' Compensation Act ya 2000, koma malamulo amenewa amakamba za wolemba ntchito ndi wolembedwa ntchito. Tekinishani ali mkati, wophunzira wa ka upkeep wopanda kontrakiti ya ntchito ali pamalo povuta. Pitani kwa registrar kapena ku ofesi ya postgraduate mukafunse molemba ngati pali inshuwaransi yokhudza ophunzira akavulala mu labu, makamaka kunja kwa maola a ntchito, poti kukadzachitika kanthu funso loyamba lidzakhala lakuti ankatani mmenemo Lamlungu ndipo anamulola ndani.

Zagwazatha_265:

Chabwino chabwino mwandigonjetsa theka kkk, ya zala zitatuyo yandikhudza. Koma palibe wayankha za AAS. Sis fufuzani amene anabukitsa sabata inayo musinthane masiku, pamakhala wina amene masampulo ake ndi okonzeka kale akungodikira, adzachita kukuthokozani. Koma ndibwerezabe, mukati mudikire ndalama za maintenance mudzamaliza masters muli ndi imvi.

MdalaWaLabu:

Apo a Zagwa mwanena zoona, osadikira. Ndipo a Nachisale musandimve molakwika, nitric ndi peroxide nazonso zimafuna hood yokoka, utsi wofiirira uja ulipobe. Pemphani atekinishani anu akupezereni hood ku dipatimenti ina, ife timamvana tokhatokha kuposa mabwana, ndipo mugwire mkati mwa sabata anthu alipo. Makatoni a pansi pa shawa chotsani lero ndi anzanu, mukoke chingwe muone ngati madzi akutuluka, oyamba amakhala adzimbiri musadabwe.

Lamba wa fani si wodula, koma mmisiri asanakwere kudenga auzidwe kuti mu hood imeneyo munaphikidwa perchloric kwa zaka. Asagogode, asadule, asawotcherere. Pali kayezedwe kosavuta, mumatsuka mkati ndi madzi pang'ono nkudonthezera methylene blue m'madzi otsukirawo, akatulutsa matope ofiirira ngati a violet nde perchlorate ilipo ndipo paipi itsukidwe ndi madzi ambiri aliyense asanaikhudze ndi chitsulo.

Pophika penipeni, yezani nsomba yochepa, theka la galamu ndi lokwana, thirani nitric madzulo muisiye usiku wonse osaika pamoto, mwavindikira ndi watch glass, kagalasi kongosanjika pamwamba, osati chitsekerero chothina. Mmawa ndi pomwe muyambe moto pang'onopang'ono. Peroxide ithiridwe zitazizira, 1 ml nthawi imodzi, chifukwa nsomba imachita thovu lokwera msanga ndipo ikasefukira sampulo yatayika komanso hot plate yanyowa asidi. Tsiku la AAS onani kuti silinda ya acetylene, gasi woyatsira moto wa makinawo, yaima ndipo yamangidwa ndi tcheni kukhoma, paipi yake isakhale ya copper, ndipo drain trap, kapaipi kotayira zotsala za makinawo, ikhale ndi madzi musanayatse flame.